Loko wa a Chavula

Nkhani iyi anandiuza ndi a Abdula, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, tsiku lina mvula itatitsekera pakhonde la golosale pa Kameza. Ine ndinali pa ulendo wa ku Lunzu, kopanda chondiitanira chenicheni. Miyendo yangayi siidziwa kukhala. Iwo anati zinachitika ku Bangwe chaka chija tinavotera zipani zambiri koyamba. Nthawi imeneyo ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya a Chavula, khoma limodzi, moti munthu akatsokomola m'nyumba yaikulu iwo ankamva.

Tsiku limene anayamba kutchera khutu, a Chavula anali atabwera kuchokera ku Limbe ndi loko watsopano, n'kumuika patebulo.

"Loko ameneyu ngwa chiyani, adada?" anafunsa Doris, mwana wawo wamkazi.

"Ngwa m'bale wakoyo. Chinkhoswe cha mng'ono wako Mwiza chili kumapeto kwa mwezi uno. Sindilola kuti achibale a mwamuna adzapeze mwana wanga woyamba atagona m'ngalande ngati anachitira ulendo wathawu."

A Chavula anali bambo wa ku Rumphi, wopuma ntchito m'boma, mkulu wa mpingo amene mowa sanaulawepo chibadwire. Mayi a kunyumba anali atamwalira. Mackford, mwana woyamba uja, anali kalaliki pa kampani ina ku Limbe. Itachepetsa antchito anabwerera kwa bambo ake pamodzi ndi mkazi wake Sibongile, ndipo chibwerereni sukulu yake inali kwa mayi Lusiya, otcheza kachasu kumunsi kwa msika. Doris ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Chilomoni. Anali atakhalapo pa maphunziro a dokotala wina wofufuza za ubongo, ndipo chichokereni kumeneko ankayenda m'masukulu ndi m'mipingo ndi ubongo wapulasitiki m'chikwama, kuphunzitsa zimene mowa ndi chamba zimachita m'mutu mwa munthu. Ana asukulu ankamutcha Mayi Ubongo.

A Chavula anafotokoza dongosolo lawo poyera, mwini wake akumva. Amutsekera m'kachipinda kosungira makala, ampatsa chakudya, madzi ndi chidebe, ndipo adzatuluka mowa wonse utamuthera m'thupi. Anati mapemphero ayesa, kulumbiritsa pa Baibulo ayesa. Sibongile naye anali atayesapo mkaka wa nkhumba, umene amayi a kumsika anamuuza kuti ukauthira m'mowa mwamuna amadana nawo mpaka kalekale.

"Unakoma bwino tsiku limenelo," anatero Mackford ali pampando wapakona. "Ndinkadabwa kuti mayi Lusiya asintha chiyani."

Panalibe woseka. Doris anakokera mpando pafupi ndi bambo ake.

"Adada, ndimvereni. Achimwene afika poti thupi lawo silingasiye kamodzin'kamodzi. Ubongo uli ngati minibasi. Mowa ndi munthu amene wakhala akuponda buleki zaka zonsezi. Kuti galimoto iziyendabe, ubongo nawo waphunzira kuponda moto mpaka pansi. Tsono inu mukufuna kumukoka wa buleki uja mwadzidzidzi, wa moto akupondabe. Pamtsetse mukudziwa zimene zimachitika."

"Ndinakulipirira sukulu kuti udzandiuze kuti mwana wanga ndi minibasi?"

"Ndikukuuzani kuti akhoza kufa."

"Ine ndaika m'manda anthu ophedwa ndi mowa. Wophedwa ndi kusamwa sindinamuonepo."

"Mwawaona, adada. Koma munauzidwa kuti ndi malungo aakulu, kapena kuti analodzedwa."

Doris anapempha kuti apite naye kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene kuli mankhwala otsitsa ubongo pang'onopang'ono kufikira munthu atasiya popanda ngozi. A Chavula anakana. Anati kuchipatalako kuli manesi a mumpingo mwawo momwemo, ndipo likamafika Lamulungu nkhani idzakhala itafika kale ku Zingwangwa, kwawo kwa mwamuna wa Mwiza. Anati uchidakwa si matenda, ndi kusowa mwambo, ndipo kuongola mtengo n'poyamba; poti anachedwa, auongola ndi mphamvu. Doris anayankha kuti mtengo wouma ukauongola ndi mphamvu umathyoka. Anakokanakokana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Pomaliza bamboyo anapachika loko uja pa msomali pamwamba pa chitseko, pomwe aliyense amuone, nanena kuti akumupatsa mpata womaliza. Akangolakwa kamodzi, alowa.

Masabata otsatirawo Mackford anayesetsa, a Abdula anatero, ndipo anabwereza mawuwo kawiri. Ankasesa pabwalo, ankatunga madzi kumpopi ngati mkazi, anthu akumuseka. Koma m'mawa uliwonse manja ankanjenjemera moti tiyi ankathera pamalaya. Akazemba kanthawi n'kubwerera kuchokera kumunsi kwa msika, manja aja amakhala ali phee. Tsiku lina anakhala pa chidebe chovundikira pafupi ndi pomwe a Abdula ankakhoma, nanena motsitsa mawu:

"Amwene, anthu amaganiza kuti ndimamwa kuti ndisangalale. Chisangalalo chinatha kalekale. Pano ndimamwa kuti ndithe kumanga mabatani a malaya."

A Abdula, poti ndi Msilamu, za mowa sankazidziwa. Anangomupatsa chitsulo kuti awagwirire.

Ndiye kunasowa nsalu. Mwiza anali atagula nsalu zofanana zoti avale amayi omuperekeza pachinkhoswe, n'kuzisunga pansi pa bedi. Atapita kukazitenga kuti apite nazo kwa telala anapeza zatsala ziwiri. Madzulo ake mayi wina anabwera kudzanena kuti waona nsalu zamaluwa achikasu zitayanikidwa pachingwe kwa mayi Lusiya. Mwiza analira mpaka mawu anatha. Mackford sanakane. A Chavula sanakalipe n'komwe. Anatenga hamala, nakhomera okha chokolowekera loko pachitseko cha kachipinda ka makala, namuloza mwana wawo kuti alowe. Kiyi anammangirira pa chingwe, n'kumuvala m'khosi mkati mwa malaya.

Tsiku loyamba Mackford ankaimba nyimbo za chipani, kusintha mawu kuti anthu amuvotere iyeyo atuluke. Kutacha anayamba kuchonderera. Ankaitana Sibongile ndi dzina la paubwenzi wawo, ankalonjeza kubweza nsalu, ankasanza. Kenako anayamba kunena zosamveka. Ankati linthumbu likutuluka m'khoma n'kumukwera m'miyendo. Ankati mayi ake aima pakona atavala zoyera ndipo akumufunsa chifukwa chake sanasambe.

Amayi angapo a mumpingo, anzawo a malemu, anabwera kudzakhala pakhonde. Atamva zimenezo anagwedeza mitu mokhutira. Anati ndi chiwanda cha mowa chimenecho, chikulimbana chifukwa chaona kuti nthawi yake yatha, ndipo a Chavula asafooke. Anayamba nyimbo kuti aphimbe kukuwako.

Sibongile sanathe kutsutsana ndi apongozi ake. Anazungulira kuseri, nagwada pafupi ndi a Abdula, nawapempha kuti popita kukagulitsa mbaula adzere ku Chilomoni akauze alamu ake, Doris.

Doris anafika Lachisanu masana, choko chili m'manja ndi pasiketi. Sanapereke moni kwa amayi aja. Anagona chafufumimba pakhomo la kachipinda, nalowetsa dzanja pansi pa chitseko, nauza Mackford kuti aligwire. Dzanja limene linamugwira linali lonyowa, lotentha, likugwedezeka ngati chigayo.

"Achimwene, ndine ndani?"

"Chotsani agaluwa kaye," anatero mawu a m'katimo.

Doris anadzuka n'kupita kwa bambo ake kukapempha kiyi. Anapempha atagwada, chinthu chimene a Abdula anati anali asanamuonepo akuchita. Anati ichi si chiwanda, ndi minibasi ija yayamba kutsetsereka, ndipo chotsatira ndi kukomoka ngati wakhunyu. A Chavula anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anati Doris adzawathokoza pa tsiku la chinkhoswe. Anati iwonso usiku sagona, akumva zonse, koma dokotala woopa magazi sachiritsa chilonda.

Pamenepo Doris anabwereka chitenje kwa Sibongile, nafunda kumutu, natsikira kumunsi kwa msika. Anabwerako ndi kabotolo atakabisa kukhwapa. Anazungulira kuseri, kumene kachipinda kanali ndi kazenera kakang'ono kawaya, nathira pang'ono m'kapu, nayamba kupinda waya kuti kapu ilowe. Fungo la kachasu silibisika. A Chavula anatulukira pakona.

Sanamumenye. Anamulanda botolo, namugwira dzanja, napita naye kumaso kumene amayi aja anakhala. Analikweza botolo kuti onse alione.

"Amayi, onani. Uyu ndi amene amaima m'matchalitchi mwanu ndi chibongo chake chapulasitiki, kuuza ana anu kuti mowa ndi poizoni. Lero ndi ameneyu akumwetsa m'bale wake kuseri kwa nyumba yanga. Mfiti yowononga nyumba ino si Lusiya yekha ayi."

Anathira kachasu yense pansi, dothi n'kumumwa. Mayi wina, amene mwamuna wake anali m'komiti ya sukulu ya Doris, anati nkhani iyi iyenera kukafika kwa ahedi.

"Kaifikitseni, mayi," anatero Doris. "Ndi poizoni, ndipo Lolemba ndikaphunzitsanso zomwezo. Koma munthu amene wakwera mumtengo wautali sumutsitsa pomudulira nthambi. Adada, zimene mwathira pansizi ndi makwerero."

Doris anawasiya pakhondepo. Anakakhala pansi atatsamira chitseko cha makala, ndipo kunja kunacha ali pomwepo.

Loweruka m'mamawa kachipinda kanali zii. A Chavula anatuluka atavala jekete, nanena kwa Mwiza kuti waona, chiwanda chapita. Dzuwa litakwera pang'ono kunamveka kugunda, osati kwa munthu wogogoda, koma kwa zidendene zomenya chitseko mofulumira, mosalekeza.

"Kiyi, adada." Doris sanakweze mawu.

Chingwe chinakodwa m'kolala. Sibongile ndi amene anachimasula n'kutsegula. Mackford anali pansi pakati pa matumba a makala, thupi litauma gwa n'kumadzigwedeza, maso atatembenuka, magazi a lilime akutuluka pakamwa. Mayi wina anathamangira supuni kuti amuike m'kamwa, Doris anamuletsa. Anamugoneka chammbali, naika mutu wake pamiyendo pake, nauza a Abdula kuti athamangire kumsewu akapeze galimoto iliyonse.

Kumsewu kunalibe minibasi ngakhale imodzi yonyamula anthu. Tsiku limenelo kunali msonkhano waukulu wa chipani m'tauni, ndipo zonse zinali zitachitidwa hayala. Zinkadutsa zitadzaza, achinyamata atalendewera m'mazenera ndi mbendera, akuimba. A Abdula anakweza manja mpaka mapewa anawawa. Amene anaima ndi dalaivala wa lole ya njerwa, yemwe anati akatsitse kaye katundu ku Machinjiri, adzadzera pobwerera dzuwa likapendeka.

Atabwerera anapeza kugwedezeka kwaleka. Mackford anali atatsegula maso, akutha kumeza madzi, koma thukuta lili kamukamu ndipo sankadziwa kumene ali. Doris atamva za lole anatseka maso kanthawi. Anati kukomoka kumeneku kukabweranso, mwina kudzabwera kotsatizana, ndipo sadzadzukanso. Mankhwala enieni ali kuchipatala. Chimene chingamusunge kufikira lole itabwera ndi chomwe chija chinathiridwa pansi.

Sibongile sanayang'ane apongozi ake. Anathamanga wopanda nsapato. Posakhalitsa anabwerera chimanjamanja, akulira. Mayi Lusiya anali atamva kuti dzulo anatchedwa mfiti pamaso pa anthu. Sanaiwalenso kuti zaka za m'mbuyomo a Chavula ndi amene anatsogolera apolisi kudzawaswera mitsuko yawo yotchezera. Anati kunyumba imeneyo sagulitsako ngakhale dontho, pokhapokha mwini nyumba abwere yekha ndi miyendo yake. Ena otcheza anali kutali, kuseri kwa phiri.

Amayi a pakhonde aja anayang'ana pansi. Mackford anayamba kutolatola zinthu zosaoneka pa chitenje cha Doris, ndipo mwendo wake umodzi unayamba kudumpha wokha.

A Chavula anayang'ana mwendowo. Kenako anatenga chipewa chawo pa msomali.

A Abdula anati anawatsatira chapatali, kuopa kuti mkuluyo angagwe m'njira. Kwa mayi Lusiya kunali amuna angapo pa mabenchi, ndipo atangoona jekete lija kuseka konse kunatha. Wina anabisa kapu kumbuyo ngati mwana wasukulu. Mayi Lusiya anatuluka akupukuta manja. Anali atavala imodzi ya nsalu zamaluwa achikasu zija.

"Galu wamkota sakandira pachabe. Apolisi mwawasiya kuti lero, akulu a mpingo?"

A Chavula anavula chipewa. "Ndabwera kudzagula, mayi."

"Kugula chiyani? Pano timagulitsanso makala ndi tomato."

"Mukudziwa."

"Sindidziwa. Mfiti siimva Chichewa chozungulira. Tchulani dzina lake, anthuwa amve."

Bamboyo anaima, chipewa chili m'manja.

"Kachasu," anatero. "Mwana wanga akufa. Ndamutsekera ndine."

Chipongwe chimene mayi Lusiya anakonza chinawathera pakamwa. Analowa m'nyumba, natuluka ndi botolo, nang'amba nyuzipepala yakale kuti alikulunge.

"Musakulunge," anatero a Chavula. "Kubisa n'kumene kwandifikitsa pano."

Anabwerera kudzera pakati pa msika, njira yaifupi, botolo lili poyera m'dzanja. Loweruka msika wa Bangwe umadzaza. Ogulitsa usipa anasiya kuitanira malonda. Pa mpopi panali atsikana a kwaya ya kumpingo kwawo, ndipo mmodzi anagwira pakamwa. Mnyamata wina wa pa bawo anakuwa kuti ufulu wafikadi, ngakhale akulu a mpingo ayamba. Iwo sanatembenuke.

Kunyumba Doris anathira pang'ono m'kapu, nasakaniza ndi madzi, nayang'anitsitsa ngati m'bale wake akumeza bwino. Manja ake anali atatopa ndi kuchirikiza mutu, choncho kapu anagwira ndi bambo ake. Mkulu wa mpingo anagwada pa makala ndi jekete lake, kumwetsa mwana wake kachasu pang'onopang'ono monga ankamumwetsera phala ali khanda. Amayi aja anachoka mmodzimmodzi osatsanzika. Patapita nthawi mwendo uja unaleka kudumpha. Mackford anayang'ana nkhope imene inali pamwamba pake.

"Adada," anatero, "mwalowa liti m'gulu lathu?"

A Chavula anaika kapu pansi. Lole itabwera anakwera kumbuyo, pa fumbi la njerwa, mutu wa mwana wawo uli pamiyendo pawo mpaka kuchipatala. Nesi woyamba kuwalandira anali wa mumpingo mwawo.

Mackford anachira, a Abdula anatero, ngakhale kuti pa tsiku la chinkhoswe anali adakali m'chipatala, ndipo operekeza anavala nsalu zosiyanasiyana. Mowa sanausiye tsiku limodzi. Anagwanso, nadzukanso, ndipo Doris ankati matendawa ndi mmene amayendera. A Chavula anaimitsidwa pa ukulu wa mpingo kwa kanthawi, n'kumakhala benchi yakumbuyo. Doris anaitanidwa kwa ahedi, napita ndi ubongo wake wapulasitiki, ndipo ntchito sinathe. Loko uja a Chavula anawapatsa a Abdula. Pofika apa mmisiriyo anandionetsa bokosi lake la zipangizo, ndipo loko analipodi, wadzimbiri.

Mvula inakata, iwo anasenza mbaula zawo, ine n'kupitiriza wa ku Lunzu.

Za ubongozo ndinafunsapo mnyamata wina wachipatala amene ndinakwera naye basi, ndipo anati n'zoona, munthu wozama mu mowa akhoza kufa pousiya mwadzidzidzi, ndipo malo ake ndi kuchipatala, osati m'kachipinda. Kumeneko sindikayika. Loko naye sanditsimikizira kanthu. Ku Limbe amagulitsa otere pamulu. Chimene chimandivuta ndi ulendo wa pamsika uja. Ndayenda m'maboma ambiri, ndagona m'nyumba za akuluakulu olemekezeka ochuluka, ndipo ndaona ana angapo ataikidwa m'manda kuti dzina la bambo likhale loyera. Bambo wonyamula manyazi ake poyera, wokana ngakhale nyuzipepala, ine sindinakumane naye. Mwina a Chavula analipodi wotero. Koma ndikuganiza kuti a Abdula, pokhala munthu wokhoma zidebe, anaona pamene nkhaniyi inkadontha, n'kuikapo chigamba.